Mtima wa Alovera Sadula

Lolemba, 4 Ogasiti

Kudula alovera dzuwa lisanakwere. Masamba a m'mbali okha, okhwima aja ogonera pansi. Mtima ayi. Mtima wa alovera sadula. Ukaudula chomera chimangokhala chilili, chobiriwira ndithu, koma tsamba latsopano sudzaliona. Ndawauza amayi a m'gulu lathu mpaka malovu kuuma. Amati "eya, Apulofesa," kenako kuseka.

Kuseri kwa nyumba kwadzaza tsopano. Mabeseni obooka, matayala akale, ndowa yopanda chogwirira. Onsewa ndi adzukulu a chomera chimodzi chimene Amayi anandipatsira m'chitini cha penti tsiku limene ndinkasamukira kuno. Chimene chija chikadalipo pakona, chachikulu kuposa onse.

Masana ku galaja ya Apampando, kumene gulu limapangira mafuta odzola. Nsatsi pamoto, utsi m'maso. Kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kuyengula mafuta pamwamba pa madzi. Makoko ndi zotsalira zonse kudzenje la manyowa, palibe chotaya. Kenako ine: kusefa, kuyeza, kusakaniza ndi alovera ndi phula la njuchi. Sukulu yonse ija ya ku yunivesite, kemisitile yense uja, kuthera mumphika wa nsatsi. Masiku ena ndimanyadira. Lero sindikudziwa.

Kunabwera Adona, mwini sitolo ya zinthu zachilengedwe m'tauni. Kununkhiza botolo, kudzola pamkono, kugwedeza mutu. Akonda kuti zomera timadzala tokha. Akondanso kuti makasitomala amabweza mabotolo, ife n'kutsuka n'kuthiramo ena. Akufuna oda yaikulu. Akufunanso chithunzi chachikulu chopachika pazenera la sitolo, nkhope ya mkazi mmodzi.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha tomato. Ine anandidumpha mwaulemu. Nthawi yomweyo n'kulowa Tsiriza, mng'ono wanga, chitsirizira cha Amayi, kudzatenga makiyi a kunyumba pochokera ku saluni kumene amaluka tsitsi. Adona: "Uyu ndi wandani? Khungu ili ndiye ligulitse mafuta anu."

Amake Mapasa, mnzathu wa m'gulu, anayang'ana mumtondo. Tonse tikudziwa kuti khungu la Tsiriza silinaonepo nsatsi. Ndi la timachubu toyeretsa tija amabisa m'sokosi pansi pa matiresi. Tinabadwa akuda mofanana, bere limodzi.

Ine ndinapitiriza kusefa mafuta.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Tsiku lojambula. Wojambula anabwera ndi ambulera yasiliva. Anati tichotse mtondo chifukwa ukudetsa chithunzi. Kenako anati tiubwezeretse chifukwa ukuoneka wachilengedwe. Anamukhazika Tsiriza pakati pa alovera wanga, botolo m'manja, tsamba lodulidwa pafupi ndi tsaya. Tsambalo anadula yekha wojambulayo, la m'kati, poti a m'mbali anali ndi zipsera. Ndinamva ngati wandidula chala. Ndinamupatsa nsanza apukutire mpeni.

Zala za Tsiriza zinavuta. Mfundo zake n'zakuda, mafuta a m'chubu amalephera pamenepo. Wojambula anati akazikonza pa kompyuta.

Tsiriza anakongola, ndisaname. Ine kuseri kwa ambulera nditamunyamulira chikwama.

Mawu a pa kapepala ka botolo ndinalemba ndine: "Zochokera ku zomera zokha. Likatha, botolo bwezani." Ndinawasinkhasinkha kwa masiku mawu amenewa, kuchotsa, kubwezera. Tsopano akhala pansi pa nkhope ya m'chubu.

Mu minibasi pobwerera ndinamuuza kuti mwina ino ndi nthawi yosiya timachubu, poti mafuta enieni ali nawo aulere. Anati: "Achemwali, inu mwadzola nsatsi chibadwire. Anakuimitsanipo pamsewu ndani?" Ananena moseka. Kondakitala anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

Amayi pafoni: "Ukumuyang'anira mng'ono wako? Ndinakupatsa iwe ameneyo." Ndinati ali bwino, wanenepa.

Magetsi atsala pang'ono kutha. Adona akuti alipira katundu akafika yense.

Loweruka, 16 Ogasiti

Chithunzi chakwera. Nkhope ya Tsiriza yaitali kuposa chitseko. Pa kompyuta amuyeretsanso kuwonjezera pa kuyera kwake. Ndinaimira tsidya lina la msewu, osawoloka.

Ku galaja mzere. Atsikana a ku koleji, amayi a mumsika, ngakhale mkazi wa mwini nyumba yathu amene satipatsa moni. Onse funso limodzi: "Oyeretsa aja alipo?" Woyamba ndinamuuza zoona, kuti mafuta athu amafewetsa khungu, amachotsa kutuwa, amathandiza tsitsi lothothoka, koma munthu amakhala mtundu umene anabadwa nawo. Anabweza botolo patebulo. Apampando anandiponda phazi mpaka chikhadabo kuwawa. Kwa wachiwiri anayankha okha, ndi mawu awo ofewa aja: "Mwana wanga, ife sitinena zambiri. Chithunzi wachiona?"

Anthu atachoka: "Sitinanene kuti amayeretsa. Sitinenanso kuti sayeretsa. Inu Apulofesa muzikhala kumbuyo ndi sikelo yanu."

Ndakhala kumbuyo ndi sikelo yanga.

Kodi bodza ndi mawu okha? Mayeso ndinkakhoza, koma funso ili silinabwerepo.

Amake Mapasa agulira ana nsapato, anandionetsa zili m'pepala, kuzinunkhiza ngati buledi. Anandigwira dzanja: "Zonsezi ndi mutu wanu." Ndinafuna kunena kuti si mutu wanga, ndi masaya a mng'ono wanga. Ndinati nsapato zokongola.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Adona awonjezera oda. Alovera sakukwana. Ndinapempha kuti tiwauze adikire, chomera sichimva za oda. Apampando akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndinapita kukagula phula. Pobwera ndinapeza amayi a gulu kuseri kwa nyumba, mipeni m'manja. Tsiriza ndiye anawatsegulira. Adula mzere wa m'mbali, wotsatira, wotsatiranso. M'mabeseni mwatsala timasamba toima pakati ngati zala za khanda. Mitima sanakhudze, zoona, anamvako pang'ono. Koma chomera chotsala ndi mtima wokha chimatenga miyezi kuti chidzuke. Utomoni wachikasu chuchuchu pansi. Fungo lowawa pabwalo ponse.

Ndinakalipa? Ayi. Ndinati "zikomo, mwathandiza," n'kuwanyamulira beseni mpaka pamsewu. Ndiye ine ameneyo. Mkwiyo wanga umafika mochedwa ngati basi yowonongeka panjira. Umandipeza anthu atapita, ndili ndekha ndi ndowa yothirira.

Chachikulu cha Amayi chija anachiopa, sanachiyambe. Ndachikokera m'nyumba, pafupi ndi zenera la kukhitchini. Msana ukuwawa.

Tsiriza akutenga katoni pafupipafupi kukagulitsa ku saluni. Ndiye wogulitsa kuposa tonse. Apampando akumutchula mwana wagolide. M'bafa akukhalitsa, chitseko chokhoma. Padzuwa akuyenda ndi ambulera, akuti kumaso kukumuwotcha. Ndinaona timitsempha tofiira pamasaya, ngati timizu pansi pa pulasitiki.

Lolemba, 25 Ogasiti

Tsiku lotsuka mabotolo obwezedwa. Ntchito yanga, palibe amene amaifuna. Madzi otentha, soda, kaburashi. Ine ndimaikonda. Botolo limodzi kuzungulira m'manja mwa anthu ambiri osakathera m'ngalande. Pa zonse timachita, ichi chokha ndiye sindinachikayikirepo.

A ku sitolo anayera bwinobwino. A mumsika chimodzimodzi. Nditathira a ku saluni m'beseni, madzi anayamba kusintha. Achikasu, kenako ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Nsatsi sizichita zimenezo. Alovera sachita zimenezo. Ndinatola botolo limene linali lisananyowe, kulowetsa chala mpaka pansi. Zoyera, zoterera, fungo la maluwa abodza. Fungo la m'sokosi ya pansi pa matiresi.

Tinaphunzira za mankhwala amene amasanduka mtundu umenewu akakumana ndi soda. Pepala limenelo ndinakhoza bwino. Nayi tsono ntchito ya digiri yanga: kuzindikira kuti mng'ono wanga akufinyira machubu m'mabotolo athu, pansi pa mawu anga aja, "zochokera ku zomera zokha," n'kumagulitsa kwa akazi anzake.

Ndinakhala pa ndowa mpaka madzi kuzizira. Amake Mapasa podutsa: "Apulofesa, mwaphika tiyi m'beseni? Tibweretse makapu?" Ndinati ndi dzimbiri la zotsekera.

Zotsekera zathu n'zapulasitiki.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Ndinamudikira Tsiriza m'mawa asanatuluke, botolo patebulo pakati pa makapu. Sanakane n'komwe. Anapitiriza kupaka batala pabuledi.

Akuti makasitomala ankabwerera kudzadandaula kuti adzoladzola osasintha, ena kumutchula wakuba pamaso pa abwana ake. "Ndiye ndikanatani? Nkhope ili pawindo paja ndi yanga, si yanu. Akatukwana amatukwana ine." Akuti amangothira pang'ono. Akuti aliyense akusangalala. "Ndikukugulitsirani nsatsi zanu zonunkha utsizo, m'malo mothokoza mukundiika pakhoti."

Ndinayamba kufotokoza zimene mankhwalawo amachita, khungu kupyapyala, zilonda kusapola. Ndinamva mawu anga akusanduka a m'kalasi. Anandidula: "Nsanje, achemwali. Ingonenani kuti nsanje. Anakudumphani tsiku lija, ndinaona."

Zinandilowa, chifukwa mwina theka lake n'zoona. Ndakhala ndikudzifufuza chichokereni. Nkhope yakeyo ndikuiopera kapena ndikudana nayo? Zonse ziwiri zingagone mumtima umodzi? Zikuoneka kuti zingagone, bulangeti limodzi, monga tinkagonera ine ndi iye.

Atatembenukira kuzenera ndinaona kachilonda patsaya lamanzere. Akuti chipeso chinamukala sabata yatha. Kukala kwa chipeso sikukhalitsa choncho. Aka kali kofiira, konyowa, m'mbali motuwa. Wakaphimba ndi paudala.

Ndinati sindimupatsanso botolo ngakhale limodzi. Analongedza chikwama. Akakhala kwa mnzake wa ku saluni. Pakhomo anatembenuka: "Mukawauze Amayi kuti mwandithamangitsa chifukwa cha botolo."

Ndinakweza matiresi. Sokosi ija watenga.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Ndinawauza Apampando za machubu aja tili awiri, chitseko cha galaja chotseka. Sanadabwe. Ichi ndiye chandipweteka. Anangofunsa ngati mabotolo a ku sitolo ali bwino. Ndinati ali bwino. Anati ndiye vuto lili pati.

Akuti Loweruka la sabata yamawa Adona ali ndi chionetsero pakhomo pa sitolo, kubwera anthu a mahotela, ndipo akufuna Tsiriza adzaime patebulo "monga alili pachithunzi." Munthu wa pachithunzi uja kulibe, anapangidwa pa kompyuta. Kuti afanane naye, Tsiriza azidzola m'mawa, masana, madzulo, pachilonda pomwepo.

Apampando: "Tidutse kaye chionetsero, za mng'ono wanu tidzakambirana ngati amayi. M'gulu muno muli amasiye, muli olera adzukulu. Mukufuna muwaswere mphika chifukwa cha katsaya kamodzi?" Anandigwira phewa. Dzanja lofunda, lonunkhira nsatsi. Si munthu woipa. Akanakhala woipa zikanaphweka.

Pamsonkhano wa masana mawu ndinali nditawakonza. Anafunsa ngati pali zina. Ndinayang'ana sikelo.

Tsiriza sakuyankha foni. Waika chithunzi chatsopano, mutu wopendekera kuti tsaya lamanzere lisaoneke.

Lachiwiri, 2 Sepitembala

Ndinapita kwa Adona. Maganizo anali otere: chithunzi chikatsika, chionetsero chikalephereka, Tsiriza sakhalanso ndi munthu woti azimuthamangira kufanana naye. Masamu a pa bolodi.

Ofesi yawo kuseri kwa sitolo. Mashelefu amatabwa, madengu, kulira kwa mbalame kochokera mu sipika. Ndinatenga botolo la ku saluni ndi soda m'kapepala, ndinapempha madzi a mu ketulo yawo. Madzi anasanduka monga ndinanenera.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako mafunso. Wina akudziwa? Alipo amene wadandaula? Mabotolo a m'sitolo mwawo ndi abwinobwino? Za tsaya sanafunse, ngakhale ndinalitchula ndi kulitchulanso.

Anati sangaike dzina la sitolo yawo pachiswe. Oda yathetsedwa, katundu wa m'mashelefu tikatenge. Ndinati nanga chithunzi. "Chithunzi ndinalipira, mayi. Mtsikanayo anasaina." Angomata chinthu china pamene pali botolo lathu. Ali ndi gulu lina la amayi lopanga sopo.

Anandiperekeza mpaka pakhomo. Anandithokoza chifukwa cha chilungamo changa. Anandipatsa kasopo kaulere.

Ndinaima pansi pa nkhope ya mng'ono wanga, kasopo m'manja. Chikomekome cha mkuyu. Mphika wa amayi ndaswa, chithunzi chili pompo.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Makatoni abwerera pa wilibala. Aunjikidwa m'galaja mpaka kudenga. Alovera yense uja tinamudula mpaka pamtima ali m'menemo. Sakhalitsa, mulibe mankhwala osungira. Ndine ndinakana kuthiramo. Kutentha kukakula ayamba kununkha.

Palibe wanditukwana. Bola akanatukwana. Apampando anati sikelo ndisiye, apeza wina woyeza.

Amake Mapasa anandipeza pampopi, maso kumbali: "Mukanatiuza kaye ife, Apulofesa. Ifenso tili ndi ang'ono athu." Sakulakwa. Ndinadumpha anzanga amene ndimapuma nawo utsi umodzi n'kukauza mlendo. Poti kwa mlendo sindikanaona maso awo.

Lamulungu, 7 Sepitembala

Chionetsero chinachitika dzulo. Tsiriza anaima patebulo, kugulitsa sopo wa gulu lina lija. Ndamva kwa mkazi wa mwini nyumba, amene tsopano amandipatsa moni akafuna kundiuza zinthu. Akuti anawala ngati nyali. Akuti anamanga mpango chammbali, wotsika mpaka patsaya, atsikana ayamba kale kutengera.

Amayi pafoni. Ndinati netiweki ikuvuta.

Kuthirira alovera. Timitima tokha, beseni ndi beseni. Sakufa, sakukula.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Tsiriza wabwera. Masana, ndikuchapa. Kugogoda kwa munthu amene makiyi ali nawo koma akuchita nawo manyazi. Nsalu kumutu mpaka kumaso.

Atavula ndinagwira chitseko. Nkhope yonse yotupa, yofiira, ziphuphu zamafinya kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Pansi pa maso zigamba zakuda ngati zopsa ndi nsimbi. Kachilonda kaja tsopano n'chilonda, kukula kwake ngati chotsekera cha botolo.

Nkhani ndinaitola pang'onopang'ono. Chitatha chionetsero chilonda chinakula. Anachita mantha, anataya machubu onse tsiku limodzi, khungu n'kulusa. Abwana a saluni anati makasitomala akuopa kuti n'zopatsirana, akapume kaye kunyumba. Mnzake uja anayamba kumupatulira kapu ndi thaulo. Ena mwa amene ankagula mabotolo osakaniza aja nawonso masaya ayamba. Akumufunafuna. Pa mabotolowo pali mawu anga.

Anati: "Nenani, achemwali. Nenani kuti munanena." Ndinafufuza mumtima mwanga kukoma kuja kwa munthu amene zake zatsimikizika. Mulibe. Ndinati avule nsapato, ndikutereka madzi.

Lachinayi, 25 Sepitembala

Kuchipatala, pabenchi, tsiku lonse. Iye chowerama, nsalu kumaso. Mayi wina pambali pathu anamufunsa ngati ndi mwamuna wamuthira madzi otentha. Tsiriza: "Ayi, ndinadzithira ndekha, pang'onopang'ono." Ngakhale pano pakamwa sipanafe.

Adokotala achitsikana, msinkhu wanga. Sanakalipe, akuti si woyamba. Mapiritsi, mankhwala a pachilonda. Dzuwa ayi, sopo wonunkhira ayi, paudala ayi. Ndinafunsa za alovera, mwamanyazi, ngati munthu wopempha kulowetsa mbuzi m'wodi. Anati pachilonda ayi, koma pamene pakuwotchapo akhoza kuziziritsa, akakhala watsopano, wodula pompo, wotsukidwa utomoni. Wa m'botolo wosakaniza ndi mafuta ayi.

Galaja yodzaza mabotolo, palibe limodzi lomuthandiza.

Za zigamba zakuda anati zina zimachepa, zina zimakhala. Tsiriza ankayang'ana kalendala ya pakhoma.

Minibasi yobwerera inadutsa pa sitolo ya Adona. Ndinayesa kumulankhulitsa kuti asayang'ane. Anayang'ana. Nkhope ija ikumwetulirabe, sopo m'manja. Mtsikana wina mpando wakutsogolo anauza mnzake kuti akufuna khungu ngati limenelo. Tsiriza anakoka nsalu. Kenako anandigwira chala chaching'ono, monga ankachitira tikamawoloka msewu wa kusukulu.

Loweruka, 27 Sepitembala

Chachikulu cha Amayi chija, m'khitchini. Masamba a m'mbali ndinayamba kudula Lachinayi. Kuwotcha kukabwera sikudikira, ndipo kumabwera pafupipafupi. Kudula, kusenda, kutsuka, kuika m'mbale ya madzi ozizira. Amakhala pansi pakati pa miyendo yanga, mutu pabondo, monga kale pomuluka tsitsi. Ndimapaka ndi nsonga za zala, kulambalala chilonda. Amapuma mozama. Kwa kanthawi amagona.

Lero: "Kununkha ngati m'khwapa mwa kondakitala, mankhwala anuwa." Ndinati waulere sasankha fungo. Tinaseka, iye ndi theka la pakamwa, poti kuseka kumakoka chilonda.

Amayi ndawauza. Zonse, ndi za Adona zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Ndinakupatsa wakuda bwinobwino." Sindikudziwa ngati ankandinena ine kapena ankangolira.

Ndinapita kwa Amake Mapasa kukafunsa ngati ali ndi alovera wa masamba. Akuti wawo nayenso anathera mu oda ija. Anandipatsa mazira a wodwala. M'nyumba sanandilowetse.

Lachitatu, 1 Okutobala

Masamba a m'mbali atha. Dzulo ndinadula mzere umene sindikanalola munthu aliyense kuukhudza. Chatsala ndi mtima, timasamba tanthete topindana pakati. Kuseri kwa nyumba chimodzimodzi, beseni lililonse. Kumsika kulibe, wogulitsa zitsamba akuti mwina sabata yamawa, mwina.

Kutupa kwatsika pang'ono. Chilonda chayamba kuuma m'mbali. Kuwotcha kokha ndiye sikunaleke, makamaka masana malata akatentha.

M'mawa anapempha galasi. Ndinali nditalibisa kuseri kwa kabati. Anadziyang'ana nthawi yaitali, osalira. Pachibwano ndi m'mbali mwa makutu mtundu wake wakale wayamba kubwerera, wathu uja, wa Amayi. Anaugwira ndi chala. "Achemwali, inu munapita kusukulu. Ibwerera yonse?" Ndinati sindikudziwa. Anati bola sindinamunamize ngati chithunzi.

Ndiyamba kudula mitima ya a kuseri, beseni ndi beseni. Cha Amayi chikhale chomaliza. Mwina kuwotcha kuleka tisanachifike. Mwina ena adzaphukira ana m'munsi, nthawi zina zimachitika, sindikudzilonjeza. Lamulo limeneli ndinaphunzitsa amayi mpaka malovu kuuma, ndipo ndikulikhulupirirabe. Wina atandifunsa mawa ndidzanena chimodzimodzi, mtima sadula.

Akuitana kuchipinda. Akuti kwayambanso.

Mpeni uli m'sinki, ndiutsuke kaye